Nkhope ya M'chithunzi ndi Mtima wa Woonerera

Anthu ambiri amakhulupirira kuti nkhope ya munthu ili ngati kalata yosamata imene aliyense angathe kuiwerenga. Akaona wina atamanga tsinya amati wakwiya, akaona wina mano ali pamtunda amati wakondwa, ndipo akaona misozi amati pagwa zovuta. Komabe mayi amene akulira pa ukwati wa mwana wake ndi mayi amene akulira pa siwa angathe kufanana nkhope kotheratu. Munthu atajambula nkhope ziwirizo ndi kamera, n'kuchotsa china chilichonse chozizungulira, sangapezeke ambiri odziwa kuti wachimwemwe ndi uti ndipo wachisoni ndi uti. Chimene chimathandiza kusiyanitsa ndi nthungululu kapena nyimbo za maliro, zovala, malo, komanso zimene woonayo adamva kale.

Nkhani imeneyi yakhala ikuzunguza mitu ya amisiri a zojambulajambula kwa zaka zoposa 2,000. Ena mwa iwo ankakhulupirira kuti chilichonse chimene mtima umamva chili ndi nkhope yakeyake, kotero kuti mmisiri akaidziwa nkhopeyo ndiye kuti ntchito yatha. Ena adazindikira kuti nkhope payokha imanena zochepa, ndipo kuti woonerera ndiye amamalizitsa nkhaniyo pogwiritsa ntchito zimene waona pambali pa nkhopeyo, zimene adauzidwa, ndiponso mmene mtima wake uliri pa nthawiyo. Mkangano umenewu udayambira kwa Agiriki akale, udadzera ku Italy, ku France ndi ku England, ndipo udakafika pachimake pa sukulu ina ya kanema mumzinda wa Moscow.

Atate ofunditsidwa nsalu

Pafupifupi zaka 400 Khristu asanabadwe, ku Greece kudali mmisiri wojambula dzina lake Timanthes. Iye adatchuka ndi chithunzi chochokera m'nthano imene Mgiriki aliyense ankaidziwa kuyambira ali mwana. Nthanoyo imati pamene Agiriki ankapita kukathira nkhondo mzinda wa Troy, zombo zawo zidakanirira pa dooko la Aulis chifukwa mphepo yozikankha idaleka kuomba. Mlauli wina, Calchas, adaulula kuti mulungu wamkazi Artemis wakwiya, ndipo mtima wake sudzatsika pokhapokha mtsogoleri wa nkhondoyo, mfumu Agamemnon, atapereka nsembe mwana wake wamkazi, Iphigenia.

Timanthes adajambula mtsikanayo ataima pafupi ndi guwa la nsembe, akuluakulu a nkhondo atamuzungulira. Alembi achiroma, monga Cicero, Quintilian ndi Pliny, adasimba kuti mmisiriyo adakweza chisoni pang'onopang'ono ngati makwerero. Calchas adamupatsa nkhope yakugwa, Odysseus adamupatsa yachisoni koposa pamenepo, ndipo pa Menelaus, bambo wake wamng'ono wa mtsikanayo, adathera luso lake lonse. Atafika pa Agamemnon, mwini mwana, adangomufunditsa nsalu kumutu, nkhope osaoneka n'pang'ono pomwe.

Chithunzi chenichenicho chidatayika kalekale, koma china chosonyeza nkhani yomweyo chidapezeka pa khoma la nyumba ina ku Pompeii, mzinda umene udakwiririka ndi phulusa pamene phiri la Vesuvius lidaphulika m'chaka cha 79. Lero chikusungidwa ku Naples. Pa chithunzicho Agamemnon waima pambali, wafunda kumutu, dzanja lili kumaso. Kwa zaka mazana ambiri alembi akhala akutama mutu wofunda wa Timanthes kuti ndiwo wachisoni kuposa yonse, chonsecho palibe diso kapena mlomo umene udajambulidwa. Chisoni chimenecho chinkachokera m'nthano imene oonerera ankaidziwa kale, m'nkhope za anthu ena a m'chithunzimo, ndiponso mumtima mwa kholo lililonse limene lidaikapo mwana m'manda.

Kumwetulira kwa mayi wa ku Florence

Patapita zaka mazana ambiri, mmisiri wina wa ku Italy adapeza njira yake yosiyira woonerera ntchito yomweyo. Cha m'ma 1503, mumzinda wa Florence, Leonardo da Vinci adayamba kujambula mayi wina dzina lake Lisa Gherardini, mkazi wa Francesco del Giocondo amene ankachita malonda a nsalu za silika. Chithunzicho, chimene lero chimatchedwa Mona Lisa, n'chaching'ono, pakuti chili pa thabwa la masentimita 77 m'litali ndi 53 m'lifupi. Leonardo adadziwa kuti munthu akafuna kuona ngati mnzake akumwetulira amayang'ana m'mbali mwa milomo ndi m'mbali mwa maso. Malo amenewa iye adawapaka utoto wopyapyala kambirimbiri, wina pamwamba pa unzake, mpaka mizere yonse idasungunuka ngati utsi. Anthu a ku Italy amalitcha luso limeneli sfumato, mawu ochokera ku dzina la utsi m'chiyankhulo chawo. Zotsatira zake n'zakuti palibe angaloze pamene kumwetulirako kwayambira ndi pamene kwathera.

Leonardo adatenga chithunzicho popita ku France m'chaka cha 1516, ndipo adamwalira komweko m'chaka cha 1519. M'chaka cha 1550 Giorgio Vasari, amene adalemba mbiri ya amisiri a ku Italy, adasimba kuti pojambula mayiyo Leonardo ankaitana oimba ndi anthabwala kuti azimusangalatsa, n'cholinga choti nkhope yake isagwe monga zimachitikira munthu akakhala nthawi yaitali pamaso pa wojambula. Kwa Vasari, ameneyu adali mkazi wosangalala wa munthu wamalonda, womwetulira mokoma, basi.

Patapita zaka 300, nkhope yomweyo idayamba kuopsa anthu. M'zaka za m'ma 1800 alembi ambiri a ku France ndi ku England adali atatengeka ndi nkhani za akazi okongola amene amakopa amuna n'kuwagwetsa m'mavuto. Mlembi wachifalansa Théophile Gautier adaona pa milomo ya Mona Lisa chipongwe ndi chinsinsi chosaululika. Walter Pater wa ku England, polemba m'chaka cha 1869, adaonapo cholengedwa chamakedzana chodziwa zinsinsi za kumanda. M'chaka cha 1910 Sigmund Freud wa ku Vienna, amene maganizo ake adali pa ubwana wa munthu ndi makolo ake, adati kumwetulirako n'kwa Caterina, mayi ake a Leonardo, kumene mmisiriyo ankakukumbukira kuyambira ali wamng'ono. Aliyense adapeza pa nkhopeyo chimene chidali kale m'mutu mwake.

Pa 21 Ogasiti 1911 chithunzicho chidabedwa m'nyumba yosungiramo zaluso ya Louvre ku Paris. Adaba ndi Vincenzo Peruggia, mbadwa ya ku Italy imene idagwirapo ntchito m'nyumbamo, ndipo chidapezeka ku Florence mu Disembala 1913. M'zaka ziwirizo nyuzipepala za m'maiko ambiri zidasindikiza nkhopeyo mobwerezabwereza, ndipo mbiri yakuti kumwetulira kwake n'kwachinsinsi idafalikira ponseponse. Kuyambira pamenepo alendo ambiri amafika ku Louvre atauzidwa kale chimene akaone, ndipo amachionadi. Milomo imene Vasari adaitama ndi yomweyo imene idaopsa Pater. Chidasintha ndi nkhani imene anthu ankabwera nayo.

Kuika nkhope m'malamulo

Si amisiri onse amene adakondwera ndi kusiyira woonerera ufulu wotere. Ku France, m'nthawi ya mfumu Louis XIV, boma linkafuna kuti chilichonse chikhale ndi dongosolo, kuyambira chiyankhulo mpaka kamangidwe ka nyumba. Charles Le Brun, mmisiri wamkulu wa mfumuyo amene adakongoletsa nyumba yachifumu ya Versailles, adalinso mtsogoleri wa sukulu yachifumu ya ojambula ndi osema imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1648. M'chaka cha 1668 iye adakamba nkhani pamaso pa amisiri anzake yofotokoza mmene nkhope iyenera kujambulidwira.

Le Brun adatsamira pa maganizo a René Descartes, amene m'chaka cha 1649 adalemba kuti zonse zimene mtima umamva zimachokera ku mizu isanu ndi umodzi: kuzizwa, chikondi, chidani, chikhumbo, chimwemwe ndi chisoni. Descartes ankaphunzitsanso kuti mzimu wa munthu umagwirira ntchito pa kachiwalo kakang'ono ka pakati pa ubongo. Potsatira zimenezi, Le Brun adati nsidze ndizo mboni yodalirika ya mtima kuposa maso. Adajambula mitu yambiri, ina yoyang'ana kutsogolo ina cham'mbali, n'kuilemba mizere yopingasa yosonyeza pamene nsidze, maso, mphuno ndi milomo ziyenera kufika pa mkwiyo, mantha, nsanje, kunyoza ndi zina zotero. Iye adamwalira m'chaka cha 1690, ndipo nkhani yakeyo idasindikizidwa m'chaka cha 1698. Kwa zaka zoposa 100 ophunzira kujambula m'maiko ambiri a ku Ulaya ankakopera mituyo, ndipo ngakhale ochita zisudzo ankaiyeserera.

Komabe njira imeneyi idali ndi chilema chimene ambiri sadachione msanga. Mutu uliwonse wa Le Brun unkabwera ndi dzina lake. Wophunzira ankayamba wawerenga kuti nkhope iyi ndi ya mantha, kenaka n'kuwaona manthawo. Dzinalo likaphimbidwa ndi chala, maso otuzuka ndi kukamwa koyasama zingathe kukhala za munthu woopa, wodabwa kapena womva ululu. Motero ngakhale mmisiri amene ankafuna kuti nkhope iziyankhula yokha adaiikira womasulira pambali pake.

Magetsi a Duchenne ndi alendo a Darwin

M'zaka za m'ma 1800 nkhaniyi idalowa m'manja mwa madokotala. Guillaume Duchenne, dokotala wa ku Paris, adapeza kuti akagunditsa nthambo za magetsi ofooka pa khungu la kumaso, mnofu umene uli pansi pake umakokeka wokha mwini nkhope asadafune. Adagwiritsa ntchito kwambiri nkhalamba ina yopanda mano imene khungu lake la kumaso silinkamva kuwawa kwenikweni. Ankakoka mnofu umodziumodzi, kapena ingapo pamodzi, n'kujambula zotsatira zake ndi kamera, chipangizo chimene pa nthawiyo chidali chachilendo. M'chaka cha 1862 adasindikiza zithunzizo m'buku. Mwa zina, adaonetsa kuti kumwetulira kochokera pansi pa mtima kumakokanso mnofu wozungulira diso, pamene kwa chiphamaso kumathera pa milomo.

Duchenne ankakhulupirira kuti nkhope ili ndi chiyankhulo chimodzi chimene Mlengi adapatsa anthu onse. Komabe m'chigawo cha buku lake chimene adalembera amisiri, iye mwini sadadalire minofu yokha. Adaveka mtsikana wina zovala za sisitere wopemphera, penanso adamuimika ngati Lady Macbeth wa m'sewero la Shakespeare, ndipo zithunzizo adazitsatiza ndi mawu ofotokoza chimene chikuchitika. Zovala ndi mawuwo zinkagwira ntchito imene magetsi sakadatha kuigwira.

Charles Darwin wa ku England adagwiritsa ntchito zina mwa zithunzi za Duchenne m'buku lake la m'chaka cha 1872, lonena za mmene anthu ndi nyama zimaonetsera za mumtima. Asadatero, adasankha zithunzi zingapo n'kuzionetsa kwa anthu ophunzira oposa 20, amuna ndi akazi a misinkhu yosiyanasiyana, popanda kuwauza kanthu. Nkhope zina pafupifupi onse adazizindikira nthawi yomweyo, koma pa zina mayankho adasiyana kutalitali. Darwin adavomera kuti iye mwini, poona zithunzizo koyamba akuwerenga mawu a Duchenne, adagoma nazo kuti n'zoonadi, koma akadaziona popanda mawuwo akadasokonezeka ngati alendo akewo. Adafufuzanso ntchito za amisiri otchuka poyembekeza kuti zimuthandiza, koma adapindula nazo pang'ono. Adaona kuti amisiriwo sankakonda kukwinyitsa nkhope kwambiri poopa kuononga kukongola, ndipo nkhani ankaifotokoza kudzera m'zinthu zina zozungulira munthuyo. Darwin adakhulupirirabe kuti mitundu yonse ya anthu ili ndi nkhope zina zofanana, koma umboni wakewo udasonyezanso kuti mawu olembedwa pafupi ndi chithunzi amatsogolera diso.

Nkhope ya Mosjoukine

Umboni wotchuka kwambiri udachokera ku luso latsopano la kanema, m'dziko la Russia. Boma la mfumu litagwetsedwa m'chaka cha 1917, dzikolo lidalowa m'nkhondo yapachiweniweni, ndipo zinthu zambiri zidasowa, kuphatikizapo filimu yojambulirapo kanema. Eni makampani ambiri a kanema adathawa, ndipo m'chaka cha 1919 boma latsopano lidalanda ntchito yonseyo. M'chaka chomwecho ku Moscow kudatsegulidwa sukulu yophunzitsa lusoli. Mmodzi mwa aphunzitsi ake adali Lev Kuleshov, mnyamata wobadwa m'chaka cha 1899. Posowa filimu yatsopano, Kuleshov ndi ophunzira ake ankatenga mafilimu akale, kuwaduladula ndi sizasi, n'kulumikiza zidutswazo mwa njira zina kuti aone chimene chingatuluke. Kanema wa masiku amenewo adali wopanda mawu, choncho anthu ankaganiza kuti nkhope ya wochita sewero ndiyo imasenza nkhani yonse.

M'mafilimu akalewo mudali nkhope ya Ivan Mosjoukine, katswiri wa zisudzo wotchuka kwambiri m'nthawi ya mfumu, amene adachoka m'dzikomo m'chaka cha 1920 n'kukakhazikika ku Paris. Malinga ndi Vsevolod Pudovkin, wophunzira wa Kuleshov amene adasimba nkhaniyi ku London m'chaka cha 1929, iwo adasankha dala chidutswa chimene nkhope ya Mosjoukine idangoti duu, yosaonetsa kanthu, ndipo adachilumikiza katatu. Koyamba chidatsatana ndi mbale ya supu ili pa tebulo, kachiwiri ndi bokosi la maliro mmene mudagona mayi womwalira, ndipo kachitatu ndi kamtsikana kakusewera ndi chidole cha chimbalangondo. Atazionetsa kwa anthu osadziwa chinsinsicho, oonererawo adayamikira kwambiri luso la Mosjoukine. Adati poyang'ana supu uja adali m'malingaliro akuya, poyang'ana maliro adagwidwa ndi chisoni chachikulu, ndipo poyang'ana mwana uja adamwetulira mokondwa. Chonsecho nkhope idali imodzimodzi, ndipo mwini wakeyo sadaonepo supuyo, bokosilo kapena mwanayo.

Filimu imeneyo idatayika, ndipo Kuleshov mwini, amene adamwalira m'chaka cha 1970, ankaifotokoza mosiyanako ndi Pudovkin. Ngakhale zili choncho, phunziro lake lidasintha kapangidwe ka kanema pa dziko lonse, pakuti lidasonyeza kuti tanthauzo la chithunzi limabadwa pamene chakumana ndi chinzake. Amisiri a ku Soviet Union adaligwiritsa ntchito msanga pokopa mitima ya anthu kuti ikonde boma latsopano n'kudana ndi lakale. Filimu ya Sergei Eisenstein yotchedwa Battleship Potemkin ya m'chaka cha 1925, ndi ya Pudovkin yotchedwa Mother ya m'chaka cha 1926, zidamangidwa pa luso lolumikiza zidutswa limeneli, ndipo zidagwedeza oonerera ngakhale m'maiko amene sankagwirizana ndi ndale za ku Moscow.

Alfred Hitchcock, katswiri wa kanema wa ku England, adafotokoza mfundo yomweyi pa wailesi yakanema ya ku Canada m'chaka cha 1964. Adaonetsa nkhope yake ikuyang'ana chinthu, kenaka mayi akusewera ndi khanda, kenakanso nkhope yake ikumwetulira. Pamenepo adaoneka gogo wokoma mtima. Atachotsa mayi ndi khandalo n'kuikapo mtsikana wovala zosambira, kumwetulira komwe kuja kudamusandutsa nkhalamba yachimasomaso.

Zimene ofufuza adapeza pambuyo pake

Popeza filimu ya Kuleshov idasowa, akatswiri ena adayesa kubwereza ntchito yake. M'chaka cha 1992 Stephen Prince ndi Wayne Hensley a ku America adapanga zidutswa zawo motsatira mmene Pudovkin adasimbira, koma ambiri mwa oonerera adati nkhopeyo siikuonetsa kanthu. M'chaka cha 2006 Dean Mobbs ndi anzake ku London adayesanso pogwiritsa ntchito makina ounika ubongo, ndipo adapeza kuti nkhope imodzi inkaweruzidwa mosiyana malinga ndi chithunzi chimene yatsatana nacho, komanso kuti ubongo unkailandira mosiyana. Izi zikusonyeza kuti mphamvu imene Kuleshov adaitulukira ilipo ndithu, ngakhale kuti siikhala yaikulu nthawi zonse ngati mmene mbiri yake idamvekera.

Otsatira maganizo a Darwin nawo sadagone. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 Paul Ekman wa ku America adapita kwa anthu a mtundu wa Fore ku Papua New Guinea, amene ambiri mwa iwo adali asadaonepo kanema, ndipo adapeza kuti ankazindikira nkhope za azungu za chimwemwe, mkwiyo ndi chisoni, ngakhale ankasokoneza mantha ndi kudabwa. Koma njira imene adagwiritsa ntchito njofunika kuiganizira. Munthu ankayamba wauzidwa kankhani, monga ka kholo limene mwana wake wamwalira, kenaka n'kusankha chithunzi choyenera pa zithunzi zitatu. Apanso nkhani idatsogola, nkhope n'kutsatira.

M'chaka cha 2012 Hillel Aviezer ndi anzake adaonetsa anthu zithunzi za akatswiri a masewero a tenisi atangopambana kapena kugonja pa mphindi yovuta. Oona nkhope zokha adalephera kusiyanitsa wopambana ndi wogonja, pamene oona thupi lokha adatha. Nkhope ya wogonja itaikidwa pa thupi la wopambana anthu ankati ndi yachimwemwe, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti chigamulo chawo chachokera pa nkhope. M'chaka cha 2018 Erika Siegel ndi anzake adaonetsa diso limodzi la munthu nkhope yosaonetsa kanthu, kwinaku diso linalo likulandira nkhope yomwetulira kapena yokwiya mwa njira yakuti munthuyo sankadziwa kuti waiona. Amene adalandira yomwetulira mobisikamo ankaona nkhope yopanda kanthu ija ngati ikumwetulira pang'ono. Motero zimene mtima ukumva zimalowerera pa chimene diso likuona, mwini wake osadziwa.

Phunziro la mbiri imeneyi

Mfundo yomweyi imaonekanso pa bwalo la Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamuika m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu a pa dziko lonse m'chaka cha 2005. Nkhope za zilombo monga Chadzunda, Maliya ndi Simoni sizisintha kuyambira pamene chilombo chatulukira mpaka pamene chabwerera ku dambwe. Komabe nkhope yomweyo imaseketsa anthu pa nthawi ina n'kuthawitsa ana pa nthawi ina, malinga ndi ng'oma, nyimbo ya amayi, kavinidwe, ndi mwambo umene wasonkhanitsa anthuwo, kaya ndi maliro, chinamwali kapena kulonga ufumu. Mlendo amene waona nkhope zoterezi zili chete m'nyumba ya Chamare ku Mua, m'boma la Dedza, amafuna womufotokozera kuti adziwe ngati zikudzudzula, kunyogodola kapena kuchenjeza.

Zonsezi sizikutanthauza kuti nkhope ilibe ntchito. Duchenne ndi Darwin adasonyeza kuti minofu ya kumaso imaululadi zina, ndipo mmisiri wosaidziwa bwino sangajambule munthu wooneka wamoyo. Choopsa n'chakuti woonerera sazindikira gawo limene iye mwini waonjezerapo. Anthu a ku Moscow adatama Mosjoukine, amene sadachite kanthu, n'kuiwala mnyamata amene adagwira sizasi. Masiku ano sizasi yomweyo ili m'manja mwa wosankha chithunzi cha m'nyuzipepala, wolemba mawu pansi pake, ndiponso wodula kanema amene amafalitsidwa pa mafoni. Onsewa angathe kusandutsa nkhope yotopa kukhala yamwano, kapena yamanyazi kukhala yaupandu, popanda kusintha ngakhale mzere umodzi wa nkhopeyo.

Zimenezi zimachitikanso kunja kwa zithunzi. Munthu woimbidwa mlandu akakhala chete pa bwalo, amene adamva kale kuti ndi wolakwa amaona kuuma mtima, pamene amene adamva kuti akumunamizira amaona kusweka mtima. N'chifukwa chake munthu wanzeru, asanaweruze nkhope ya m'chithunzi kapena ya mnzake, amayamba wafunsa chimene chachotsedwa pambali pake, amene walemba mawu oifotokoza, ndiponso mtima umene iye mwini wabwera nawo. Akuluakulu adati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Nkhope imangoonetsa gombe la tsidyalo, ndipo wofuna kudziwa za kumeneko ayenera kuoloka kuti akamve kwa mwini wake.